A Idesi ndi Nkhali ya Kalongonda

M'mudzi wina kufupi ndi Mbombwe munkakhala amayi ena aafupi, olankhula motsitsa, dzina lawo a Idesi. Ambiri ankawaitana amake Nester, potengera mwana wawo wachisamba. Mukanakumana nawo panjira ya kumtsinje simukanacheuka kawiri. Ankayenda mofulumira, maso pansi, ndipo pamsonkhano wa amayi a mpingo ankakhala pamphasa ya kumbuyo. Komabe m'chaka cha njala ya 1949, mudzi wonse unkati ukadzuka, choyamba n'kuyang'ana ngati kuseri kwa nyumba ya amayi amenewa kukufuka utsi.

A Idesi sanabadwire m'mudzimo. Makolo awo anali Alomwe amene anachokera kudziko la Apwitikizi atasenza makasu ndi mbewu m'timafukusi, nakhala pa esiteti ya mzungu wina. Lendi ya malowo inali thangata, ndiko kuti kugwira ntchito m'munda wa mwini malo, ndipo thangatalo linkafika pamodzi ndi mvula yoyamba, nthawi imene munthu akufunika m'munda mwake. Amayi awo a Idesi ndiwo ankasonkhanitsa akazi anzawo kuti akaweruka ku fodya wa mzungu azilima pamodzi, lero munda wa uyu, mawa wa uje. Chimene chinkawawawa a Idesi ali kamtsikana n'chakuti munda wa kwawo unkakhala wotsiriza chaka ndi chaka, udzu utafika kale m'mawondo.

"Amayi, oitana anthu ndinu. Bwanji osayambira kwathu?" anafunsa tsiku lina.

"Ndikayambira kwathu, mawa ndiitana ndani n'kundimvera? Tenga khasu tizipita."

A Idesi anakwatiwa cha m'ma 1930 ndi a Alufeyo, kalipentala wa mpingo wa Baptist, amene anawaona pamsika wa pa boma akugulitsa makaka. A Alufeyo anali ndi amayi awo amene maso anali atayamba kuchita khungu, choncho sanapite chikamwini monga mwa mwambo. Anapempha kuti mkazi ndiye abwere kwawo. Motero a Idesi anafika m'mudzimo ali mtengwa, atanyamula miphika, mphasa ndi kafukusi ka mbewu ya kalongonda.

Kalongonda ndi nyemba zikuluzikulu, zolimba ngati timiyala, zimene zimayanga pa mapesi a chimanga ndi m'mitengo. Alomwe amamudya kuyambira kalekale. Koma mkati mwake muli ululu. Kuti adyeke amafunika kuwiritsidwa, kusendedwa makoko, kenaka kuphikidwa kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa litapendeka, uku madzi akutayidwa n'kuthiramo ena mobwerezabwereza. Munthu akadya wosapsa amasanza, amachita chizungulire, ndipo mutu umasokonekera. Anthu a kwawo kwa a Alufeyo ankangomva mbiri yokhayo, ndipo ankamutcha nyemba za misala.

Woyamba kuwaseka anali mlamu wawo, a Martha, mlongo wawo wa a Alufeyo. Amenewa anali amayi aatali, otsogolera nyimbo kutchalitchi, ndipo akanong'ona ankamveka kutsidya kwa msewu.

"Achimwene, mwatibweretsera mkazi kapena sing'anga?" anatero ataona a Idesi akubzala mbewuyo m'mphepete mwa munda. "Tikadzayamba kubwebweta pabwalo pano mudzadziwe kuti ndi nyemba za akazi anuzi."

"Alamu, inu kubwebweta munayamba kalongonda asanamere," anayankha a Idesi osadzutsa mutu.

A Martha anaseka mpaka kugwira m'chiuno. Kuyambira tsiku limenelo awiriwa anali pa ubwenzi wotukwanizana mwa nthabwala, koma kalongondayo a Martha sanamulawepo ngakhale njere imodzi.

Nkhondo yaikulu yachiwiri itatha, ntchito ya ukalipentala inasowa, ndipo a Alufeyo anaganiza zopita ku Halale kukafuna ntchito. Tsiku lotsanzika anaitana abale awo pakhonde, nanena pamaso pa onse kuti munda, mbuzi, zida zawo za ntchito ndi amayi awo akhunguwo akusiya m'manja mwa akazi awo. Amalume awo anang'ung'udza kuti zinthu za pamudzi sasiyira munthu wobwera.

"Amalume," anatero a Alufeyo, "ine pano ndikafuna khasu ndimafunsa amake Nester. Amayi akadwala, amene amadziwa ndi iwowa ine ndisanadzuke. Ndisiyire wina ndani?"

Anapita. Nester anakwatiwa ku Limbe, ndipo pakhomo panatsala a Idesi, apongozi awo, ndi chitsirizira chawo, kamtsikana dzina lake Easter.

Kenaka chinafika chaka chija. Mvula inagwa pang'ono poyamba, anthu n'kubzala, basi kumwamba kunayera mbee. Chimanga chinafota chili m'mawondo. Ena anabzala kachiwiri, nacho chinapserera. Pofika miyezi yotentha ya kumapeto kwa chaka, m'nkhokwe munalibe ngakhale chitsononkho. Amuna ambiri anachoka kukasuma, kufunafuna chakudya kumadera akutali, ndipo ena sanabwerenso. Chimanga chothandizira chinkafika pa boma, koma mzere wake unali wautali moti ofooka ankabwerako chimanjamanja.

A Idesi anali ndi mbiya zodzaza kalongonda m'nyumba, wa chaka chimenecho amene anapirira dzuwa ndi wina wa zaka za m'mbuyo, poti nankafumbwe samuboola. Koma kalongonda ali m'mbiya sanakhale chakudya. Zitsime za m'mudzi zinali zitaphwa. Madzi ankapezeka kumtsinje wa Mombezi kokha, munthu atafukula mchenga n'kudikira kuti alowe pang'onopang'ono m'chikho. Nkhuni nazo zinali kutali, kuphiri. A Idesi anayesapo kuphika okha tsiku lina. Dzuwa lisanafike paliwombo madzi anali atatha, moto ukuzima, ndipo tsiku limenelo iwo, Easter ndi apongozi anagona osalawa kanthu, nyemba zili mumphika. Apo anazindikira kuti popanda manja a anzawo, ana a m'mudzimo afa ndi njala, wawonso afa nawo, mbiya zili zodzaza.

Anayambira kwa a Martha, podziwa kuti a Martha akakana ndiye kuti mudzi wakana. Anawapeza pakhonde akusenda chitsa cha nthochi choti asinje.

"Alamu, ine ndili ndi chakudya koma ndilibe manja. Inu muli ndi mawu. Tandiitanirani amayi."

"Chakudya chake chiti? Nyemba za misala zija?"

"Zomwezo."

A Martha anayang'ana chitsa chija, nayang'ananso mdzukulu wawo amene anagona pamphasa nthiti zili poyera. "Chabwino," anatero. "Bola ndipenge nditakhuta. Koma ndikayamba kuthamanga, mundigwire ndinu."

M'mawa mwake amayi anabwera, ena mokayika, ena chifukwa choopa pakamwa pa a Martha. Anatulutsa nkhali yaikulu imene ankaphikira thobwa pa maukwati, naitereka pamafuwa kuseri kwa nyumba ya a Idesi. Ntchito inagawidwa. Ena kumtsinje, ena kuphiri kukatola nkhuni, ena kusenda makoko, ena kusonkhezera moto ndi kuyang'anira ana.

Kagawidwe ka ntchito ka a Idesi kanali kakekake. Sankafunsa munthu kuti, "Uli ndi mphamvu lero?" poti aliyense akanavomera, kuopa kuti akakhala pansi amanidwa. Iwo ankangoyang'ana mapazi. Amene mapazi ake atupa ankamupatsa lichero kuti akhale pamthunzi azisenda, osamuuza chifukwa chake. Kugawa chakudya anakupereka kwa a Martha, chifukwa a Martha sankaopa nkhope ya munthu, ndipo mbale ya mwana wawo weniweni ankaipungula ikachuluka. Wodwala amene sanabwere ankamutumizira gawo lake kunyumba. Mbale za kwa a Idesi zinkakhala zotsiriza. Lamulo linali limodzi lokha, ndipo ankalinena m'mawa uliwonse: munthu asakhudze za m'nkhali kufikira wogwira chipande atanena kuti wapsa. Wogwira chipandeyo anali a Idesi.

Chovuta kwambiri chinali kutaya madzi. Tsiku loyamba, a Idesi atapendeketsa nkhali n'kukhuthulira madzi m'dzenje, amayi anakuwa onse pamodzi.

"Mayo! Alamu!" anafuula a Martha. "Madzi amenewo ndasenza ndine kuchokera ku Mombezi, khosi lachita kulowa m'mapewa. Inu mukumwetsa nyerere?"

"Bwerani muone mtundu wake."

A Martha anasuzumira. Madziwo anali akuda bii, ngati otsukira mphika wa mwaye.

"Mukufuna amenewa alowe m'mimba mwa mdzukulu wanu?"

"Tayani, tayani. Koma muzitaya ine nditatembenuka, mtima ungandiphulike."

Dzuwa litapendeka a Idesi anatapa njere, natafuna, nakhala phee kanthawi, kenaka anati, "Wapsa." Tsiku limenelo ana anadya mpaka ena kugona mbale zili m'manja. Palibe anapenga. A Martha anadya ali chiimire, nanena kuti mchere wachepa.

Zinayenda choncho milungu ingapo. Amayi opita kumtsinje anayamba kuyimba nyimbo za kutchalitchi panjira, ndipo ana anayambanso kukanganirana timiyala tosewerera.

Pakati pa amayiwo panali Yunis, mayi wachitsikana wa mwana mmodzi, amene mwamuna wake anapita kukasuma osamvekanso. Mwana wakeyo, Gladson, anali atangosiya kuyamwa, ndipo njala inali itamufooketsa kale nkhali isanayambe. Poyamba ankalira kuyambira m'mawa kufikira chakudya chitapsa. Kenaka analeka kulira, n'kumangoyang'ana. Mayi aliyense amadziwa kuti kulira kuli bwino kuposa kuyang'ana koteroko.

Tsiku lina otunga madzi anachepa, ndipo a Idesi anasenza mtsuko okha, namusiya Yunis pamoto. "Uzingosonkhezera, amake Gladson. Usakhudze." Dzuwa lili paliwombo, osenda makoko atapita kukapuma, Yunis anavuula njere imodzi ndi kamtengo, naifinya ndi zala. Inaphwanyika bwinobwino. Chibadwire chake, nyemba ikafewa ndiye kuti yapsa. Khobwe amatero, nandolo amatero, nzama zimatero. Mumtima mwake anati amake Nester amangochulutsa mantha. Anatapa pang'ono, nauzira kuti zizizire, napita nazo kuseri kwa khola kumene anagoneka mwana.

A Idesi akubwera ndi madzi anamva kukuwa ali patali. Anapeza amayi atazungulira, Gladson akusanza. Akamuimika ankagwa, maso akutembenuzika, ndipo ankaseka popanda choseketsa uku akukoka tsitsi la amayi ake. A Idesi anatula mtsuko, namutenga mwanayo pamiyendo, namugoneka cham'mbali, n'kumamudonthezera madzi mkamwa. Pomupukuta anaona m'kadzanja kake mwada, ndipo m'masanzi munali tizibenthu ta kalongonda watsiku lomwelo. Anadzutsa maso kuyang'ana Yunis. Yunis anayang'ana kumbali. A Idesi analowa m'nyumba, natenga ufa wodzaza dzanja umene ankasungira apongozi awo, naphika phala lamadzimadzi. Dzuwa likulowa mwanayo anamwa pang'ono, nagona tulo.

Kalongonda wa tsikulo anapsa monga mwa masiku onse, koma ambiri anatenga ana awo n'kupita osalandira.

Kutacha, Gladson anali moyo, wofooka koma akuzindikira amayi ake. Koma kuseri kwa a Idesi sikunafike mtsuko ngakhale umodzi. Nkhani inali itayenda nyumba ndi nyumba, ndipo woyendetsa anali a Selestina, amayi a ana ambiri amene mantha awo anali omveka ndithu.

"Tinanena ife! Ululu umenewu umaunjikana m'thupi pang'onopang'ono. Wayamba ndi wamng'onoyu, mawa ndi athu."

Ena anafika potchula dzina lija lonyoza limene Alomwe ankatchulidwa masiku amenewo. Ngakhale a Martha sanatuluke m'nyumba. A Idesi anakhala pafupi ndi mafuwa ozizira, Easter atatsamira pa iwo. Ankadziwa kuti mawu ochepa chabe akanawayeretsa. Akanangoti, "Mwana uja anadyetsedwa wosapsa ndi amake," amayi akanabwerera tsiku lomwelo. Koma ankadziwanso chotsatira chake. Yunis akanachotsedwa pa nkhali, ndipo Gladson sakanauona mwezi wina. Komanso kukhala chete kunali kugoneka ana onse a m'mudzi ndi njala.

Anadzuka, napita kwa Yunis.

"Odi, amake Gladson."

Yunis anatuluka maso ali psuu. "Mwabwera kudzandinena, amayi?"

"Ndabwera kudzaona mwana. Wamwa kanthu?"

"Wamwa madzi." Misozi inayamba kutsika. "Zinali zofewa, amayi. Ndinafinya ndi zala zangazi. Zinali zofewa ndithu."

Mawu amenewo anawalasa a Idesi. M'mawa uliwonse ankanena kuti musakhudze, koma sanauzepo munthu ndi mmodzi yemwe kuti kalongonda amafewa ululu ukadali momwemo. Kwa iwo zinali zodziwikiratu, zimene mwana wa Chilomwe amazidziwa asanaphunzire kusenza mtsuko. Sanaganizepo kuti mnzawo wokulira pa khobwe ndi nandolo angaone mwina.

"Tamvera, mwana wanga," anatero. "Dzina lako ine sinditchula kwa munthu. Koma nkhali yazizira. Ana a anthu agona ndi njala dzulo, agonanso lero. Zimenezo uziganize wekha."

Tsiku lotsatira linali Lamulungu. Nyimbo zinayimbidwa mofooka, ndipo potuluka amayi anakhala pansi pa mtengo wa mango kuti apume asanayambe ulendo wa kunyumba. A Idesi, amene sanalankhulepo pagulu la mpingo chifikire m'mudzimo, anaimirira.

"Amayi anzanga, ine ndinalakwa. Ndinakugawirani ntchito ya miyendo ndi ya khosi, koma nzeru ya nkhali ndinasunga ndekha, ngati kuti ine sindingadwale. Kalongonda amafewa msanga, koma kufewa kwake si kupsa ayi. Amapsa madzi ake akayera, ndiponso akaleka kuluma palilime. Zimenezi ndinayenera kukuuzani tsiku loyamba."

"Ndiye zikukhudzana bwanji ndi mwana uja?" anafunsa a Selestina. "Inu simumapakula mutalawa?"

A Idesi sanayankhe. Anangoima, manja kumbuyo. Chete uja anatalika mpaka anthu anayamba kuyang'anana. Kenaka kumapeto kwa gulu Yunis anadzuka, mwana ali kumbuyo, nanena kuti ndi iye anatapa masana, amake Nester ali kumtsinje.

Panabuka phokoso. A Martha analumpha ngati aponda moto.

"Iwe! Ife tinatsala pang'ono kuwasandutsa mfiti alamu anga, iwe uli chete ngati mwala! Ana athu agona ndi njala chifukwa cha iwe! Ameneyu asadzapondenso pa nkhali paja!"

"Asadzapondenso!" anavomereza ena, ndipo ofuula kwambiri anali omwe aja ankanyoza dzulo lake.

A Idesi anadikira mpaka mawu atatsika. Kenaka anawauza chinthu chimene anali asanauze aliyense. Mbiya zinali zitatsika kwambiri, ndipo kalongonda wotsalayo sakanafika nthawi ya chimanga chachiwisi. Abale awo a kuchikazi ankakhala kupitirira Milepa, cha kuchigwa cha Phalombe, ndipo kumeneko mbewuyi inalipo. Panafunika kuti iwo apite ndi amayi amphamvu, akagwire ganyu, akabwere atasenza.

"Ndiye chipande ndikusiyira Yunis."

"Asa!" anatero a Martha. "Alamu, kapena wadya wosapsa ndinu?"

"Tandiuzani, alamu. Mwa ife tonse tili panofe, ndani angalole kumenyedwa kusiyana n'kupakula nthawi isanakwane? Ine za ululu wa kalongonda ndinangouzidwa ndi amayi anga. Uyu waziona pamiyendo pake."

"Nanga akadzabwereza?" anafunsa a Selestina.

"Easter wanga ndikumusiya konkuno. Apongozi anganso. Azidya za m'nkhali yomweyo, zopakula Yunis."

Yunis anali atagwira pakamwa. A Martha anayang'ana mlamu wawo nthawi yaitali, kenaka anamanga chilundu chawo mwamphamvu.

"Chabwino. Koma ine ndikhala pambali pake ngati nkhupakupa."

"Ndicho ndikufuna. Iye chipande, inu mbale."

Lolemba utsi unafukanso. Tsiku limenelo a Idesi sanalole munthu kukhala kutali. Nthawi iliyonse yotaya madzi ankaitana onse kuti aone mtundu wake, kuyambira akuda bii, kufika ofiirira, mpaka oyera. Masana anapereka njere yofewa kwa mayi aliyense kuti aikhudzitse palilime n'kulavula, adziwe kuluma kwake. Madzulo amene analawa n'kunena kuti wapsa anali Yunis, mawu ake osamveka bwino, ndipo a Martha anachita kumubwerezetsa.

"Kweza mawu, iwe! Ukuuza nkhali kapena anthu?"

M'mamawa mwake a Idesi ananyamuka ndi amayi ena atatu, a Selestina ali m'gulumo. Ulendowo unali wowawa. Anadutsa midzi ya zitseko zotseka, minda ya fumbi lokhalokha. Kwa abale awo analandiridwa, koma chakudya sichinali chaulere, poti nawonso njala inali itawakhudza. Analima m'madimba, anapalira, anasenza manyowa, masiku n'kumapita. A Selestina anawaona a Idesi akuima pakati pa mzere, khasu m'manja, maso ali kumadzulo kumene anachokera.

"Amake Nester, kodi simukuopa?"

"Ndikuopa."

"Nanga munasiyiranji mwana?"

"Ndikanamutenga, inu mukanasiya anu? Tiyeni tizilima."

Anabwerera atasenza mitolo yolemera, ndipo kamba wa panjira anawathera dzulo lake. Anafika dzuwa litayamba kupendeka, milomo itauma, miyendo ikukokedwa. Asanaone madenga anaona utsi. A Idesi anaima pang'ono, napuma mozama, napitiriza.

Kuseri kwa nyumba kunali anthu ambiri kuposa amene anawasiya. Nkhali zinali ziwiri, yachiwiri itabwera ndi amayi a mudzi woyandikana nawo amene anamva mbiri n'kudzapempha kulowa nawo. A Martha ankakalipira munthu wina za nkhuni zaziwisi. Apongozi anakhala pamthunzi akusenda makoko mopapasa ndi zala, Gladson atakhala pambali pawo akusewera ndi lichero. Easter anathamanga n'kudzawakumbatira m'miyendo mpaka mtolo unatsala pang'ono kugwa.

Atatula katundu, fungo la m'nkhali linawafika a Idesi, ndipo m'maso munachita mdima. Anatola kambale kamene kanali pansi, nayandikira pamoto, natambasula dzanja. Chipande chinawatsekereza pachifuwa.

"Sanapse, amayi," anatero Yunis.

"Mwana iwe, ndachokera ku Milepa osalawa kanthu chidzulo. Ndaona ndi maso angawa, watsala pang'ono."

"Watsala pang'ono, koma sanapse. Madziwa akadali ndi kamtundu. Khalani apo mudikire ngati anzanu."

Osenda anasiya kusenda. Yunis sanatsitse chipande. Kenaka a Martha anaphulika kuseka, kuwomba m'manja, misozi ili mbwembwembwe.

"Mwaona, alamu? Ngakhale ine dzana anandikwapula pa chala! Mwalera nyalugwe pano!"

Ena pambuyo pake ankati a Idesi ankangomuyesa mtsikanayo. Koma a Selestina, amene anayenda nawo ulendowo, ankakana, ankati njala ija inali yeniyeni. A Idesi eni ake sanafotokozepo. Anangobweza kambale pansi, napita kukakhala pa fumbi pakati pa amayi a mudzi winawo, Easter ali pamiyendo, nadikira. Madzi anatayidwa, ena anathiridwa, moto unasonkhezeredwa. Mithunzi itatalika Yunis anatapa njere, natafuna, nakhala phee kanthawi, kenaka ananena ndi mawu omveka mpaka kumsewu kuti wapsa.

Nkhali ziwirizo sizinazizirenso kufikira chimanga chachiwisi chitayamba kudyedwa. Akuluakulu ena okalamba sanafike nyengo imeneyo, ndipo anawalira. Koma mwa ana amene ankadya pamenepo, palibe anaikidwa m'manda chaka chimenecho.